Loweruka la mvula, mizere ya nshawa ndi chaji ya pa waya

Mvula inayamba m'bandakucha ndipo sinakate mpaka cha m'ma 10 koloko, moti phiri la Kanjala silinkaoneka n'komwe, ndipo ulendo wanga wa ku msika wa Kapata unalephereka. Ndinakhala pakhonde ndi mwana wa mlongo wanga, amene wabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ku Lusaka. Iye anatulutsa kope lake la fizikisi n'kunena kuti, "Amalume, pali funso limene landisowetsa tulo, chifukwa yankho langa likusiyana kwambiri ndi la m'buku."

Funsolo linali lokhudza kuchuluka kwa chaji ya magetsi pa utali wa waya, kumene m'mabuku amakulemba ndi chilembo cha Chigiriki chotchedwa lambda. Tanthauzo lake ndi losavuta: umatenga chaji yonse n'kuigawa ndi utali wa wayayo, ndipo yankho limatuluka mu ma coulomb pa mita, popeza coulomb ndiye muyezo wa chaji. Dzina la coulomb linachokera kwa Charles-Augustin de Coulomb, Mfalansa amene mu 1785 anafotokoza lamulo la mmene machaji amakokerana ndi kukankhana. M'funsolo waya wautali unali ndi ma nanocoulomb 5 pa sentimita iliyonse (nanocoulomb ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a coulomb), ndipo ankafuna mphamvu ya magetsi pa mtunda wa masentimita 10 kuchokera pa wayayo.

Nditayang'ana m'kopemo ndinaona pamene panakhota nyani mchira. Mtsikanayu anakumbukira bwino kuti posintha masentimita kukhala mamita timagawa ndi 100, choncho anagawa 5 ndi 100 n'kulemba ma nanocoulomb 0.05 pa mita. Cholakwa chimenechi ndachiona kwa ophunzira ambiri pa zaka zimene ndaphunzitsa, ndipo sichichokera ku ulesi, koma chimabwera chifukwa mwana waloweza lamulo loona n'kuligwiritsa ntchito pamalo pamene sentimita ili pansi pa mzere wogawira, osati pamwamba.

Mvula itakata sindinafune kupitiriza ndi cholembera. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba kumene tinabzala nshawa sabata yatha, ndipo ndinamuuza kuti ayeze mita imodzi pa mzere ndi tepi n'kuwerenga mbande zimene zamera. Anapeza 10, popeza tinabzala motalikirana masentimita 10. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, pa sentimita imodzi ya mzere womwewu pangakhale nshawa zambiri kapena zochepa kuposa pa mita?" Anaseka n'kuyankha kuti zochepa, ndipo asanamalize kulankhula anaima chilili, chifukwa anazindikira kuti yankho lake lija linkanena kuti mita yathunthu ya waya ili ndi chaji yochepa kuposa sentimita imodzi ya waya womwewo. Mita ili ndi masentimita 100, ndipo iliyonse yanyamula ma nanocoulomb 5, kotero mita yonse yanyamula 500, amene ndi theka la microcoulomb, kapena 0.0000005 coulomb pa mita.

Titabwerera pakhonde tinawerengera mphamvu ija. Pa waya wautali wowongoka, umachulukitsa lambda ndi nambala ya pafupifupi 18,000,000,000 n'kugawa ndi mtunda wa mu mamita. Yankho linatuluka mavolti 90,000 pa mita, monga mmene bukulo linanenera, pamene iye anali atapeza 9 okha. Kusiyanaku ndi kwa maulendo 10,000, chifukwa kugawa ndi 100 pamalo pochulukitsa ndi 100 kumakubweza kawiri. Ndinamukumbutsanso kuti mpweya wouma umayamba kuthetheka moto mphamvu ikafika pafupifupi mavolti 3,000,000 pa mita, choncho coulomb yathunthu pa mita imodzi ya waya ndi chinthu chimene sichingakhalepo mu mpweya wamba. Ngakhale mawaya akuluakulu a mavolti 330,000 amanyamula ma microcoulomb ochepa chabe pa mita. Ine ndimakhulupirira kuti wophunzira amene akudziwa kukula kwenikweni kwa zinthuzi amagwira cholakwa chake msanga kuposa amene amangodalira pulogalamu ya pa foni yosinthira miyezo, ngakhale kuti pulogalamuyo ndimaigwiritsa ntchito inenso pofuna kutsimikiza.

Titadya nsima tinatsegula buku langa lakale, limene lili ndi miyezo imene masiku ano siionekaoneka. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54 ndendende, kotero mu mita muli mainchi pafupifupi 39.37, ndipo coulomb imodzi pa inchi ndi ma coulomb 39.37 pa mita. Munalinso abcoulomb, imene ndi ma coulomb 10. Apa pamafunika kusintha mbali zonse ziwiri, kuchulukitsa ndi 10 chifukwa cha abcoulomb ya pamwamba, kenaka kuchulukitsanso ndi 100 chifukwa cha sentimita ya pansi, moti abcoulomb imodzi pa sentimita ndi ma coulomb 1,000 pa mita. Ndinamulangiza kuti azilemba miyezo yonse pambali pa manambala, n'kumafufuta imene ikufanana pamwamba ndi pansi, mpaka patsale coulomb pamwamba ndi mita pansi.

Madzulo, pamene amayi ake ankasonkha moto pa mbaula, ndinamupatsa funso loti achite yekha: ma microcoulomb 2 pa inchi. Asanagwire cholembera ananena mokweza kuti nambala iyenera kukula chifukwa mita ndi yaitali kuposa inchi, kenaka analemba 78.74 pa mita. Wandipempha kuti mawa tikabwera kutchalitchi tione chaji ya pa malo afulati, kumene mita imodzi ya sikweya ili ndi masentimita a sikweya 10,000, ndipo ndamuuza kuti tepi ija asaibweze m'nyumba chifukwa tikayeza nayo bedi la repu.