Malata akwera: zikomo kwa nonse amene munandisunga chaka cha korona

Abale ndi alongo, Lachiwiri lapitali mmisiri wakhoma lata lomaliza pa nyumba yathu kuno ku Ntcheu. Atatsika pa makwerero n'kunena kuti, "Mayi, yatha, mvula ibwere tsopano," ine ndinangokhala pa mulu wa mchenga n'kuyamba kulira ngati mwana. Maziko a nyumba imeneyi ndinakumbitsa mu 2018 ndili ku Joni, ndikuwerengera kuti zaka ziwiri zikwana. Yatenga zisanu ndi ziwiri. Pakatipa panadutsa korona, ndipo pali anthu amene ndakhala nawo ngongole ya zikomo kuchokera nthawi imeneyo. Lero ndikufuna ndibweze. Nkhani ndi yaitali, mundipirire. Amene bandulo yatsala pang'ono muwerenge mawa.

Ku Joni ndinkagwira ntchito ya m'nyumba. Masiku atatu pa sabata ndinkapita nyumba ina ku Randburg, masiku awiri nyumba ina, kugona ku Cosmo City m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Pa 23 Marichi 2020 a Cyril Ramaphosa analankhula pa TV kuti kuyambira pakati pa usiku wa pa 26 dziko lonse likhala pa m'bindikiro masiku 21. Tinati masiku 21 si kanthu, tipumuleko msana. Masiku aja anawonjezeredwa, Epulo yense anatha tili m'nyumba, asilikali ali m'misewu, mowa ndi fodya zoletsedwa. Boma la kumeneko litayamba kupereka R350 kwa osowa ntchito, ife a mapasipoti othera masiku sitinayerekeze n'komwe kukaima pa mzere.

Lendi itatikanika, akazi anayi tinasonkhana m'chipinda chimodzi. Tinkadya kamodzi, cha m'ma 3 koloko masana, kuti chikhale cha masana ndi chamadzulo chomwe. Ndiwo zinali kabichi, tsiku labwino mitu ndi mapazi a nkhuku. Kathumba ka tiyi tinkakaviika m'makapu anayi, kenako n'kukapachika pa msomali wa pachitseko kuti kaume, mawa kagwirenso ntchito. Mpaka lero ndikaona munthu akutaya kathumba koviika kamodzi mtima umandipweteka.

Zikomo yoyamba ipite kwa gogo mwini nyumba uja. Miyezi iwiri sanagogode pakhomo kufunsa lendi, pomwe iyenso ankadalira ndalama yomweyo kudyetsa adzukulu. Ife alendo timanenedwa zambiri kumene kuja, ndipo zina ndinaziona ndi maso anga, koma gogo ameneyu ankatitumizira adzukulu ndi mbale ya nyemba. Zikomonso kwa madamu a ku Randburg amene anapitiriza kundiikira theka la malipiro mpaka Meyi, ine ndisanakhudze tsache ngakhale tsiku limodzi. Enawo anangondilembera pa WhatsApp kuti adzandiuza, ndipo ndikudikirabe.

Meyi akutha ndinadziwa kuti ndiyenera kubwerera. Ndalama ya basi ndinalibe. Zaka zonse ndalama zinkayenda njira imodzi: ine kupita pa Mukuru mwezi ukatha, mayi kukalandira ku boma. Ulendo uwu zinayenda chobwerera. Mayi anagulitsa mbuzi ziwiri, achimwene anatenga makwachawo n'kukapereka kwa bambo wina wa pamsika amene mng'ono wake ali ku Joni, mng'onoyo n'kundipatsa marandi pamanja. Achimwene, munayenda ulendowu osandiuza mpaka zitatheka, chifukwa mumadziwa kuti ndikanakana. Mbuzi zomwezo ndinagula ndine chaka cha 2017, ndikunyadira pafoni kuti ndawagulira mayi chuma. Sindinkadziwa kuti ndikudzigulira tikiti.

Bedi ndi firiji ndinagulitsa pa mtengo wa chisoni. Ndinanyamuka pakati pa Juni ndi zikwama ziwiri zamizeremizere zija ndi poto mmodzi amene sindinafune kumusiya. Amene munayendapo mukuidziwa njira: N1 kudutsa Polokwane, Musina, Beitbridge, ndiye Masvingo, Harare, Nyamapanda, kulowa Mozambique, Tete, Zóbuè, mpaka Mwanza. Masiku abwino basi imaima, mumatsika, mumagula tchipisi ndi nthochi, mumawongola miyendo. Ulendo uwu ayi. Zipata zinali zotseka kwa anthu wamba, ife tinkadutsa ngati obwezedwa kwawo, ndipo m'matauni sankatilola kutsika. Pa Beitbridge tinagona m'basi, kuzizira kwa Juni kukulowa m'mafupa. Buledi wanga anathera pomwepo.

Mpando wanga ndinakhala ndi amayi ena a ku Mulanje, achikulire pang'ono kuposa ine. Poyamba sitinalankhulane, aliyense atayang'ana kwake, masiki kukamwa, kuopa mpweya wa mnzake. Usiku wa pa Beitbridge uja ataona ndikunjenjemera anamasula chitenje m'chikwama n'kundifunditsa, osanena kanthu. Titadutsa Masvingo anatulutsa mazira owiritsa m'kapepala, anasenda limodzi, n'kundipatsa pamodzi ndi mchere wokulunga m'kachidutswa ka nyuzi. Ndinati ndakhuta. Anandiyang'ana nati, "Mwana wanga, mimba yako ndikuimva kuchokera ku Musina." Tinaseka mpaka masiki kunyowa.

Kumbuyo kunali mwana wakhanda amene ankatsokomola. Akatsokomola basi yonse inkangoti zii, mayi wake n'kumubisa m'bulangete ngati waba. Palibe amene anamulankhula choipa, koma palibenso amene anakhala naye pafupi, ine ndemwe. Nkhani imeneyi imandichititsa manyazi mpaka pano.

Ku Tete kuzizira kunasanduka kutentha. Tikuwoloka Zambezi ndinayang'ana madzi aja n'kuyamba kuwerenga zimene ndikupita nazo kumudzi: sopo wa Sunlight mmodzi, theka la paketi ya tiyi wa Five Roses, ndi poto. Zaka zitatu osaonekera, kubwera ndi zimenezo. Mukudziwa mmene wa ku Joni amayembekezeredwa, mabulangete, nsapato za ana, kafoni ka malume. Titaona mapiri a ku Mwanza wina kutsogolo anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, basi yonse n'kulandira, a mipingo yonse ndi Asilamu omwe akung'ung'udza nawo. Ine pakhosi panali patatseka.

Pa chipata anatilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno, kenako anatitengera ku sukulu ina kukadikira zotsatira. Tinagona m'makalasi masiku atatu. Anamwino ndi azaumoyo amene munali kumeneko, mutavala zoyera zija dzuwa lili pamutu, tinkakukalipirani ngati ndinu munabweretsa matenda, inu n'kumangoti pepani, zotsatira zikubwera. Zikomo, ndipo mutikhululukire. Tsiku lachitatu anaitana mayina. Ine ndinapezeka wopanda. Amayi a ku Mulanje anaitanidwa mzere wina, n'kukwezedwa galimoto ina ndisanatsanzike. Chitenje chawo chinatsala m'khosi mwanga. Nambala imene anandipatsa inali ya ku Joni, ndipo sinagwirenso.

Kumudzi mbiri inali itandifikira kale. Kumapeto kwa Meyi anthu oposa 400 ochokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre asanamve zotsatira, wailesi zonse zinalengeza, ndiye aliyense wa chikwama chamizeremizere ankaoneka ngati wathawa kumeneko. Nditatsika pamsewu akabaza atatu anandikana. Wachinayi, kamnyamata kakang'ono, anamanga mpango kukamwa nati, "Kwerani aunt, tonse tidzafabe." Iwe mnyamata, lero uli ndi njinga yamoto ndipo umandipatsa moni ukamadutsa. Sindinaiwale.

Mayi anali atakonza kale. Anasesa khitchini ya udzu ija, anazira pansi, anayala mkeka, anaika ndowa ndi sopo pakhomo. Anaima patali, pafupi ndi nkhokwe, manja atagwira kumbuyo ngati akuwaletsa. Anati, "Takulandira mwana wanga. Pepala lako taliona, koma alangizi anati masiku 14." Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ali Sitandade 7, anali atatalika kundiposa. Anafuna kuthamanga, agogo ake anamugwira mkono.

Masiku 14 amenewo ndi amene ndimawakumbukira kuposa ulendo wonse. Mtondo wovundikira unakhala tebulo lathu, pakati pa khitchini ndi mtengo wa mango. Mayi ankaika mbale pamenepo n'kubwerera, ine n'kukatenga. Tsiku loyamba inali nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera. Ndinadya ndikulira, mamina ndi misozi pamodzi, nkhuku zikundiyang'ana. Mmawa kunkakhala mbatata yootcha kapena kachewere wa ku Tsangano. Sukulu zinali zitatsekedwa kuyambira pa 23 Marichi, choncho mwana ankakhala pansi pa mango tsiku lonse, ine pakhomo pa khitchini, n'kumandiuza za zaka zitatu zimene sindinaziwone: amene anakwatiwa, amene anamwalira, tsiku limene anakula ine kulibe, n'kulangizidwa ndi azakhali. Pafoni zimenezi sankandiuza, ankangoti tili bwino, tumizani ya yunifolomu. Chisankho cha pa 23 Juni ndinachimvera pa kawailesi ka achimwene ndili momwemo, ndipo usiku wolengeza zotsatira nthungululu ndinazimvera kukhoma.

Sopo ndi tiyi uja ndinaziika pa mtondo tsiku lachiwiri, ndikuchita manyazi. Mayi anazitenga ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu ngati ndawapatsa ng'ombe, n'kukaziika m'kabati pamalo poonekera. Tiyiyo ankaphikira alendo okha, n'kumawauza kuti ndi wa ku Joni.

Kumjigo kunali mawu. Ena anati ndowa za kwathu zizitunga pomaliza. Sindikutchula munthu, tinakhululukirana kale ndipo ena mwa iwo anandithandiza kutunga madzi oumbira njerwa. Koma inu amayi oyandikana nafe, amene munkatenga ndowa zathu n'kuzisakaniza ndi zanu kuti pasapezeke wosiyanitsa, Mulungu akudalitseni. Alangizi a zaumoyo amene munkabwera pa njinga kudzandifunsa ngati thupi likutentha, n'kuima pabwalo kuuza anthu mokweza kuti mayiwa alibe matenda, mawu anu ndi amene anatsegula njira ya kumjigo.

Tsiku la 15 ndinapita kukaona nyumba yanga. Khoma linali litafika pa mawindo, m'zipinda mutamera udzu, mbuzi za eni zikugona pabalaza. Amayi a banki m'khonde, munandilandira ndilibe ngakhale sheya imodzi, munandibwereka K30,000 pa mawu a mayi anga okha. Ndinayamba ndi mandasi, kenako tomato ndi kabichi pamsewu wa M1. Geni inali yovuta, magalimoto ochepa, koma tinkadya. Sukulu zitatsegulidwa mu Okutobala mwana wanga anabwerera m'kalasi. Anzake angapo sanabwerere, ena ali ndi pakati, ena ali pabanja. Ndimati mwina ndikanakhala ku Joni miyezi imeneyo nayenso akanapita, chifukwa agogo okha sakanatha kumulondera.

Tinkaganiza kuti zatha, ndiye kunabwera Januwale 2021. Pa 12 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo ngakhale aja ankati korona ndi ya azungu anayamba kusoka masiki. Sabata yomweyo malume anatisiya. Maliro ake anali a maola ochepa, opanda kugona pasiwa, opanda nsima, munthu amene moyo wake wonse sankajomba maliro a mnzake. Kenako mayi anayamba kubanika. Tinawafukiza masamba a bulugamu, tinawamwetsa mandimu ndi jinja monga ankachitira aliyense. Ndinene poyera: zimenezo zimatsegula mphuno, koma munthu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, thamangirani kuchipatala. Ife tinachedwa tsiku limodzi, ndipo likanatidyera mayi. Alamu, munabwereka galimoto pakati pa usiku, munawanyamula m'manja mwanu pomwe ena ankaopa kulowa m'nyumba. Anamwino amene munawaika pa mpweya wa okosijeni n'kumandiimbira pa foni yanuyanu madzulo alionse, popeza sitinkaloledwa kulowa, dzina lanu ndimalitchula m'pemphero. Anakhala masiku asanu ndi anayi. Katemera atafika mu Marichi chaka chomwecho, mayi anakaima pa mzere anthu akuwaopseza kuti akafa pakatha zaka ziwiri. Lachiwiri lija ndi iwo amene ankakalipira mmisiri kuti lata lina lapendama.

Nyumbayi ndiye yakwera pang'onopang'ono ngati kamba. Kwacha itagwa mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinasungira malata makumi atatu inangokwana theka. Ndinayamba kugula limodzilimodzi, n'kumasunga kuseri kwa kabati ya mayi. Mmisiri wathu, munandilola kukulipirani zidutswazidutswa, nthawi zina ndi thumba la chimanga, ndipo simunathawe ntchito n'kupita kwa olipira bwino. Anzanga atatu a kachipinda ka ku Cosmo City, awiri mukadali komweko, munasonkherana n'kunditumizira ya misomali ndi mitengo ya denga ndisanapemphe. Ndinafunsidwa kangapo ngati ndidzabwerere ku Joni zipata zitatsegulidwa. Ndinatsala pang'ono, kawiri konse. Mwana ndi amene anandigwira mwendo.

Pulasitala palibe, mawindo awiri tatseka ndi njerwa, pansi ndi dothi. Koma Loweruka likubwerali tikulowa. Mayi afulula thobwa, mbuzi imodzi yagwa kale m'maganizo mwa achimwene. Nonse ndakutchulani muno, ndi ena amene ndakuiwalani chifukwa cha misozi, bwerani kuyambira 10 koloko mmawa. Mipando ndi yochepa, amayi tengani zitenje.

Pomaliza ndikupempha a ku Mulanje mundithandize kugawa uthengawu. Ndikufuna amayi amene anachoka ku Johannesburg pa basi pakati pa Juni 2020, anakhala mbali ya windo kumanzere, anati ankagwira ntchito yolera ana ndipo kwawo ndi kufupi ndi minda ya tiyi. Ngati muli moyo, mayi, kapena ngati mwana wawo ukuwerenga, ndilembereni ku inbox. Chitenje chanu ndi chobiriwira cha maluwa achikasu, chili ndi kabowo kopsa ndi moto pangodya. Ndinachichapa, ndinachisita, chili m'sutikesi. Mazira anali atatu, inu munadya limodzi.