Ma LTR awiri aja andimasula mutu

Zoti ma transposon (tizidutswa ta DNA totha kusamuka malo) ena amadzikopera kudzera mu RNA pomwe ena amangodulidwa n'kukamatidwa kwina, sindibwereza, a kosi ya genetics mukuzidziwa kale. Chimene chinkandizunguza ine n'chakuti: munthu angadziwe bwanji kuti kachidutswa ka DNA kameneka kanalowa liti mu genome (DNA yonse) ya chimanga, poti palibe anaonerera?

Yankho lili kunsonga kwake. LTR retrotransposon, imodzi mwa zodzikopera zija, ikamalowa pamalo atsopano, nsonga zake ziwiri, zotchedwa ma LTR (long terminal repeat), zimakhala zofanana ndendende, ngati mapasa ongobadwa kumene, chifukwa cha mmene reverse transcriptase, enzyme yokopera RNA kukhala DNA, imakoperera. Ikakhazikika, nsonga iliyonse imayamba kutola ma mutation (kusintha kwa zilembo za DNA) payokha. Ndiye uziike pamodzi, uwerenge pamene zasiyana, ugawe ndi liwiro la mutation lochulukitsa kawiri, zaka zatuluka. Zikasiyana pang'ono, yalowa posachedwa. Basitu! Kachidutswa kalikonse kamayenda ndi wotchi yake.

Wasayansi SanMiguel ndi anzake anachita zimenezi mu 1998 n'kupeza kuti ma retrotransposon ambiri amene anayeza m'chimanga analowa m'zaka 3 miliyoni zapitazi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake genome ya chimanga ili ndi zilembo pafupifupi 2.3 biliyoni, pafupifupi 85 peresenti yake ma transposon, pomwe ya mpunga, womwewu timalima ku Lifuwu, sikwana n'komwe 400 miliyoni. Chiwerengero cha majini sichisiyana kwenikweni. Chimanga chinangotupa ndi makope. Kunena zoona, kwa ine njira imeneyi imaposa mitengo yonse ya phylogeny (yosonyeza ubale wa zamoyo) imene anatijambulitsa. Mundipatse ma LTR awiri, zinazo khalani nazo.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi athu anatha masabata akutiloweza mayina: Ty1-copia, Ty3-gypsy, Ac ndi Ds, McClintock ndi Nobel yake ya 1983. Za wotchizi anangodutsa pa silaidi imodzi nthawi itatha kale, anthu akulongedza zikwama. Ndazimvetsa ndekha patchuthi kuno ku Salima, kutentha kuli phwii, bandulo ikutha pepala lisanamalize kutsika.

Komabe mtima sunakhale pansi. Chomera chimaphimba ma transposon ndi methylation (kumata timagulu ta methyl pa DNA), ndipo chilembo C chokhala ndi methyl chimasanduka T msanga, choncho wotchiyo ikhoza kumathamanga kuposa ya majini wamba. Liwiro loyenera kugwiritsa ntchito ndi liti? Nanga recombination (kusinthana kwa zidutswa za DNA) ikachotsa zapakati n'kusiya LTR imodzi yokha, uifanizira ndi chiyani? Kwinaku pali retrotransposon yotchedwa Hopscotch, yomwe inakhala kumtunda kwa jini ya tb1 n'kuthandiza kuti chimanga chisamachite nthambi zambiri ngati teosinte, kholo lake lakutchire. Kaya tinene kuti chomera chimapindula nazo, kaya chimangopirira mpaka imodzi igwere pabwino mwangozi, pamenepo ndikadasinkhasinkha.