Ulendo wa ku Zomba ndi mlandu wa rozi wa a Msungichuma

Amene munatsala Loweruka lija, musamve za m'maluwa, ine ndinalipo.

Tinapangana kunyamuka ku Limbe 6 koloko, koma minibasi inachoka 8 koloko chifukwa a Mlembi anabwerera kukatenga poto wa nkhuku. Potoyo anamuika kumapazi kwa amayi Tcheya, chivundikiro chitamangidwa ndi mphira. Titangodutsa pa Namadzi mbuzi inadumphira mumsewu, adalaivala n'kuponda buleki, msuzi wonse khuthu! pa chitenje chagulu cha a Tcheya. Ntchafu imodzi inagubuduka mpaka kukhomo. A Mlembi akuti poto anaikidwa bwino koma wina amamuponda, a Tcheya akuti chibadwire mapazi awo sanapondepo ndiwo. Agogo athu anangotola ntchafu ija, kuipukuta, n'kuyamba kudya mkangano uli mkati. Pofika pa Thondwe tonse tinali kununkha anyezi, a Tcheya atafunda chitenje chobwereka m'chisanu cha Julaye.

Paja mukudziwa chimene chinatiyendetsa. Chaka chatha a Msungichuma anagula rozi wachikasu wa pakhomo pa tchalitchi ndi ndalama za gulu, koma anatulutsa timaluwa toyera ting'onoting'ono m'magulumagulu. Kuyambira pamenepo akhala akunena pa msonkhano uliwonse kuti wogulitsa anawabera.

Bambo a nazale amene anatilandira m'munsi mwa phiri anayang'ana chithunzi pa foni, n'kufunsa a Msungichuma kuti, "Amayi, munadulirapo?" Iwo anayankha monyadira kuti ee, panali kanthambi kofooka pamwamba ndi mphukira yamphamvu yochokera pansi, ndiye anadula kofookako. Bamboyo anagwira pakamwa. Anafukula pang'ono tsinde la rozi wina n'kutionetsa chotupa chonga bondo. Rozi ambiri ogula ndi omezanitsa: mizu ndi ya rozi wolimba wakutchire, wokongolayo ndi kadiso kamene anakamphatika pamwamba. Mphukira yochokera kunsi kwa bondolo ndi ya wakutchire uja, imakula msanga ndipo maluwa ake ndi ena. A Msungichuma anadula rozi wa gulu ndi manja awo, n'kumathirira wakutchire chaka chathunthu, manyowa a nkhuku osasowa! Ine kuseka ndinakubisa m'mpango, chifukwa tsiku lodulalo chikwanje ndinawabwereka ndine.

Tinaphunziranso zina. Mphukira yotere sitidula pamwamba, timafukula n'kuithyola pamene yamerera, apo ayi imaphukanso. Rozi wongobzala kumene maluwa ake oyamba amatha kukhala aang'ono ndi otuwa chifukwa mizu sinagwire, ndipo dzuwa la Okotobala limawachepetsanso. Duwa likatuluka lopindika, m'mphepete mwapsa, ligwedezereni pa pepala loyera, muona tizilombo tating'ono totchedwa thrips tikuyenda. Mankhwala opha udzu akauluzika ndi mphepo, nsonga zimatuluka zopotana. A Mlembi analemba zonse, ngakhale kope lawo linali ndi msuzi.

Nkhomaliro tinadyera m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, nsima ya nkhuku youma. Mbatata ya achemwali athu a kwaya ndi imene inatipulumutsa. A Msungichuma sanalankhule mpaka titakwera galimoto, pomwe anatulutsa m'chikwama rozi watsopano wachikasu, wogula ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kunena kuti ameneyu aliyense womuyandikira ndi chikwanje aonana naye. Anayang'ana ine.

Zikomo bambo a nazale potilandira osatinyoza, adalaivala potsuka galimoto osatilipiritsa, abambo athu awiri amene ananyamula machubu, ndi amayi Tcheya pokhululuka tisanafike pa Namadzi pobwerera. Dzina lakuti "Wakutchire" lakhazikika, eni ake akuyankha. Amene simunamalize ndalama ya galimoto, kaonaneni ndi a Msungichuma Lamulungu tikaweruka, ndipo agogo abweretse chivundikiro cha poto.