Zala za amayi zatambasuka lero

M'mawa uno ku chipatala kuno ku Chipata, amayi atambasula okha zala za dzanja lomwe linafa ndi sitiroko, ndipo agwira kapu yapulasitiki mpaka kuifikitsa pakamwa, ngakhale kuti madzi ena atayikira pachitenje.

Amene amawachititsa masewera olimbitsa thupi anatifotokozera za puloteni yotchedwa BDNF, imene maselo a ubongo amatulutsa kuti mitsempha yotumiza mauthenga mu ubongo isafe, iphuke nthambi zatsopano ndi kulumikizana ndi inzake. Malangizo opangira puloteniyi ali mu jini (kachigawo ka malangizo achibadwa a m'maselo athu) imene ili pa kromozomu 11, kamodzi mwa tizingwe tosunga majini, ndipo asayansi Yves-Alain Barde ndi Hans Thoenen anapatula puloteniyi koyamba mu 1982 kuchokera ku ubongo wa nkhumba. Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti thupi likamagwira ntchito, BDNF imachuluka.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona wodwala sitiroko atangogonekedwa pamphasa tsiku lonse, abale akuganiza kuti akumuchitira chifundo. Achimwene ndi achemwali amene mudzawasamalire kumudzi ku Katete, chonde muziwayendetsa pabwalo tsiku lililonse monga atiuzira achipatala, ndipo muziwasiya kuti azidzitengera okha mbamu ya nsima.