Sabata yokolola, maso ofiira

Meyi akangofika ife a ku kiliniki ya maso timadziwiratu kuti chimanga chiyamba kutitumizira anthu. Lolemba m'mawa kunabwera atate ena a ku Chongwe, diso lili psuu, misozi chuchuchu, kuwala sakukufuna n'komwe. Ati tsamba la chimanga linawakwapula pokolola masabata awiri apitawo. Nditadontheza fluorescein, utoto woonetsa chilonda m'diso, n'kuyatsa kalayiti ka buluu, chilonda chinawala pa cornea, kagalasi kaja kakutsogolo kwa diso, m'mbali mwake muli ngati nthenga. Adokotala anapalako pang'ono n'kutumiza ku labu, komwe anapezamo fangasi. Masamba ndi dothi la kumunda zimanyamula mafangasi a Fusarium ndi Aspergillus, kakukalika kochepa chabe n'kokwanira kuti zilowe.

"Atate, munathiramo chani?" Poyamba ati palibe ba sister. Kenako m'thumba la jekete munatuluka kabotolo ka ku kemisiti, ka steroid. Apa mpomwe mtima umandipsa ine, osati ndi odwala ayi koma wogulitsayo, chifukwa steroid imachotsa kufiira munthu n'kumati ndachira pomwe fangasi ikudya diso mwakachetechete. Tinawagoneka, natamycin, mankhwala odontheza m'diso opha fangasi, ola lililonse, ndi usiku womwe.

Lachitatu mtsikana wa ku koleji, ma contact lens a kala ogula pa Facebook, amagona nawo, madzi ake otsukira atatha anayamba kuviika m'madzi a pampopi. Pseudomonas, bakiteriya yemwe amakonda kulowa m'diso kudzera m'ma lens, sachedwa, masiku awiri okha cornea itha kuboola, ndiye m'madzimo mumakhalanso kachilombo kena, Acanthamoeba, kamene kuchiza kwake ndi miyezi. Iye nkhawa yake inali ya ukwati wa Loweruka.

Lachinayi mwachizolowezi, anyamata awiri owotcherera mageti ku Kalingalinga, kachitsulo ka girayinda m'diso, magogozi ati amachita nkhungu. Mmodzi anali atayesa kale kukachotsa ndi kamtengo ka machesi.

Lachisanu kamwana kongochira chikuku, koonda, maso ouma chifukwa chosowa vitamin A, agogo ake anali atathiramo mkodzo ati ndi mmene ankachitira kumudzi. Sindinawakalipire, ndinangowafotokozera kuti mkodzo wa munthu wodwala chinzonono ungaphulitse diso. Anagwira pakamwa.

Ndisanaweruke ndinadutsa kuwodi kwa atate a ku Chongwe aja. Chilonda sichinakule koma kabanga koyera katsala ndithu. Iwo funso lawo linali limodzi, "Manje ba sister, chimanga chatsala kumunda chija akolola ndani?"