Tsiku limene keke yanga inalira pa maikolofoni

Amayi anga ankakonda kunena kuti pakamwa panga sipatuluka mawu oti "ayi", ine n'kumaona ngati akundiyamikira. Ndinadzawamvetsa chaka chimene ndinavomera makeke a maukwati atatu, onse a Loweruka limodzi, ndili ndi uvuni umodzi, firiji imodzi, galimoto imodzi ndi manja awiri omwewa.

Oyamba kufika anali azakhali a mkwatibwi wina, mayi osaseka wamba. Anakhala pampando, chikwama pamiyendo, n'kundiuza kuti akufuna keke ya nsanjika zitatu, yapansiyo ya chokoleti. "Mwana wanga, zija mukuchita masiku ano zomaika zinthu zabodza mkati ine sindifuna kuzimva. Alendo anga adye." Ndinadzigunda pachifuwa. "Mayi, yanuyi idzadyedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba." Mawu amenewo ndinawanena ndekha, popanda wondikakamiza.

Wachiwiri anali mtsikana wofuna keke yaitali kuposa thumba lake. Tinagwirizana nsanjika zinayi, ziwiri zapamwamba zenizeni, ziwiri zapansi zabodza. Amene simudziwa za ntchito yathuyi, keke yabodza ndi chigubu cha polystyrene, zoyera zopepuka zija amatchingira nazo wailesi yakanema ikakhala m'katoni. Timachikuta ndi fondant, chikuto chofewa cha shuga chija chimaoneka kunja kwa keke, n'kuchikongoletsa ngati keke ina iliyonse, ndipo ndi maso okha ngakhale ine mwini sindingasiyanitse. Mwambo ukatha amandibwezera, ndichotsa fondant, chigubucho n'kudikira ukwati wina.

Tsono azakhali aja ndi mtsikanayu, anthu osadziwana, onse anandionetsa chithunzi chimodzimodzi cha pa intaneti: keke yoyera mbee, timikanda m'mphepete. Ndipo makeke onse awiri anali ndi nsanjika ya mainchesi 12 m'lifupi. Ya azakhali inali 12, 10 ndi 8, ya mtsikanayo 14, 12, 10 ndi 8. Ine ndinasangalala, ndimvekere ntchito yaphweka, ndingopanga chinthu chimodzi kawiri.

Wachitatu anali mnzanga wa kusukulu, amene anaimba foni akulira kutatsala sabata imodzi, ati womupangira keke wamuthawa. Buku langa la maoda linali patsogolo panga, tsamba la Loweruka lodzaza mpaka m'mphepete. Ndinaliyang'ana, nalonso linandiyang'ana, ndiye ndinati, "Usalire mnzanga, ndikupangira." Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi uja bola analibe oda ya keke ya kirimu wa batala m'nyengo yotentha.

Keke ya ukwati sapanga tsiku limodzi. Maluwa a shuga timapangiratu masabata angapo m'mbuyo kuti aume. Lachitatu n'lophika, Lachinayi n'lodula, kuika kirimu pakati ndi kupaka kakirimu kopyapyala kogwira nyenyeswa, Lachisanu n'lokuta ndi kukongoletsa, Loweruka n'lonyamula basi. Ndondomeko imeneyi imayenda bwino keke ikakhala imodzi. Ine ndinali ndi nsanjika zisanu ndi ziwiri zofuna kuphika, iliyonse mapani awiri, ndipo pani yaikulu imalowa yokha mu uvuni, pa moto wochepa wa madigiri 160, n'kukhalamo kupitirira ola lathunthu, chifukwa ukaikankhira pa 180 kuti ipse msanga imapserera m'mbali pakati pali phala. Lachitatu langa linatha Lachinayi madzulo. Kuyambira pamenepo masiku anangolowana, sindinadziwenso kuti kunja kwacha kapena kwada.

Firiji yonse inatengedwa ndi keke ya mnzanga uja, popeza batala akangofika pa madigiri 32 mpaka 35 amayamba kusungunuka. Za fondant zinagona pathebulo. Kumeneko n'kwawo ndithu, chifukwa fondant ukaitulutsa m'firiji n'kukumana ndi mpweya wofunda imachita thukuta ngati munthu wangongole akaona mwini ndalama. M'nsanjika zenizeni ndinazikamo timitengo tochirikiza kulemera kwa zapamwamba, ndipo pamwamba pa nsanjika iliyonse, yeniyeni ndi yabodza yomwe, ndinaika kapepala kozungulira kuti thabwa la inzake lisamamatire. Kapepala kameneka kanabisa timitu ta timitengo tija. Kumbukirani zimenezo.

Cha m'ma 2 koloko usiku wa Lachisanu zonse zinali m'mabokosi, nsanjika iliyonse bokosi lake, dzina la mwini ukwati ndi nthawi yake nditalemba bwinobwino pa chivindikiro. Ndikanangopita kukagona, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma mtima wofuna kutamandidwa unandinong'oneza kuti anthu a pa Facebook ayenera kuona. Ndinavundukula mabokosi awiri a mainchesi 12 aja, kujambula uku, kujambula uko, kenako n'kubwezera zivindikiro maso ali gwa ndi tulo. Chithunzicho anachikonda anthu asanu ndi mmodzi, mmodzi mwa iwo ndine.

M'mawa ndinagawa ntchito. Keke ya azakhali ndinapatsa mlongo wanga wamng'ono, amene anabwereka galimoto ya mnzake. Ndinamubwerezera malamulo ngati mwana wopita kusukulu tsiku loyamba. Bokosi saika pampando, mpando ndi wopendekeka, umaika pansi pafulati, pa kamphasa kosaterera. Osamanga mabuleki mwadzidzidzi. Pokhota uzichita ngati wanyamula agogo odwala msana. Ukafika uyambe waona thebulo ngati silikugwedera, komanso lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi masipika.

"Achemwali, ndamva. Kodi ndi koyamba?"

Kunali koyamba.

Ine ndinanyamuka ndi makeke awiri enawo. Pa holo ya mtsikana uja ndinaika chigubu cha mainchesi 14 pathebulo ndi zala ziwiri. Nditanyamula cha 12, msana unachita kuti thi. Yanga yeniyeni ya saizi imeneyo imaposa makilogalamu 4, pamene yabodza ngakhale mwana amaiseweretsa. Munthu wogona mokwanira akanaima n'kudzifunsa. Ine ndinangodzimvera chisoni: taonani mmene ndafookera, mpaka polystyrene akundilemera. Fungo la chokoleti ndinalimva ndithu, koma ndinati ndi malaya angawa, popeza sabata yonse ndinkanunkha choncho. Ndinasanjika zonse, kumata ndi aisingi, kubisa molumikizira ndi timikanda, n'kuuza mkulu woyang'anira holoyo mokweza, anyamata ake onse akumva, kuti ziwiri zapansizo n'zabodza, asadule, andisungire.

Ndili m'njira yopita kwa mnzanga uja, foni inalira.

"Achemwali, zatheka, yaima bwinobwino. Koma mukudziwa? Majimu aja ayamba kugwira ntchito. Yapansi ija ndainyamula ndi dzanja limodzi, linali ndili pa foni."

"Iwe, usandisokoneze, ndikuyendetsa."

Mulungu amatuma amithenga, koma ena amabwera akudzitama ndiye sitiwamvera.

Za keke yachitatu sindinena zambiri. Inafika itatsamira pang'ono ngati munthu woganiza, ndinaiwongola, mbali yoipa n'kuilozetsa kukhoma, maluwa n'kuunjika pamene panatsetsereka. Mnzanga analiranso, ulendo uno mokondwa.

Azakhali aja anali atandiuza kuti ndikadutse pa ukwati wawo kuti anthu akandione. Ndinasintha malaya m'galimoto, n'kutenga mulu wa timakadi tanga ta bizinesi. Ndinafika nthawi yabwino kwambiri, kapena kuti yoipa kwambiri: keke inali itangotsala pang'ono kudulidwa. Inali itaima pakati pa holo, yowala, yowongoka, mlongo wanga ali pambali pake manja m'thumba ngati waiphika ndi iyeyo. Woyendetsa mwambo, atanong'onezedwa ndi azakhali, anati, "Amene apanga keke yokongolayi ali pakati pathu pano. Mayi, taimirirani anthu akuoneni!" Ndinaimirira. Ndinabayibitsa mbali zonse zinayi, kuti pasakhale wodandaula kuti sanaione bwino nkhope yanga. Timakadi tinayamba kuyenda m'mathebulo.

Nyimbo anazitsitsa. Mkwati ndi mkwatibwi anagwirizira mpeni, ojambula atagwada kutsogolo, ndipo woyendetsa mwambo, pofuna kukometsa zinthu, anatsitsa maikolofoni n'kuiika pafupi penipeni ndi keke.

Mpeni unalowa mu fondant mwaulemu. Kenako holo yonse inamva: kwiiii.

Anthu anayang'ana kwa wa zokuzira mawu. Iye anakweza manja kusonyeza kuti si iyeyo. Mkwati anamwetulira, n'kukanikizanso. Kwiii, kwiii. Ine phokoso limenelo ndimalidziwa, ndimalimva ndikamasema zigubu kunyumba, ndipo nthawi yomweyo zonse zinabwera pamodzi m'mutu mwanga: msana uja, fungo lija, majimu a mlongo wanga. Miyendo inazizira. Ndinafuna kukuwa kuti asiye, koma pakamwa panangoti yasa.

Mkwatiyo anali mwamuna wosafuna kugonja pamaso pa apongozi. Anachotsa dzanja la mkazi wake pa mpeni mwachikondi, anakwinya manja a jekete, n'kuyamba kucheka ngati akudula thabwa. Timipira toyera tinayamba kuuluka. Amene munagwirapo polystyrene mukudziwa khalidwe lake, timipirato timamatirira pa chilichonse. Tinakwera suti yakuda ya mkwati, tinakhala pa nsidze za mkwatibwi, tina tinakamatira pa maikolofoni. Kamwana kena kanathamanga kukatola kamodzi, kanalawa, n'kulengeza ndi mawu onse kuti, "Amama, siikukoma!"

Woyendetsa mwambo anayesetsa, ndimuyamikire. "Banja lolimba limayambira pa keke yolimba!" Ena anaseka. Azakhali sanaseke. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo sanavutike kundifunafuna, popeza ndinali nditaimirira kale anthu onse n'kundiona. Bambo wina amene ndinakhala naye thebulo limodzi anatenga kakadi kanga, anakawerenga mbali zonse, n'kundibwezera m'manja mwakachetechete.

"Mwana wanga," anatero azakhali atandikokera pakona, "unati kuyambira pansi mpaka pamwamba."

"Mayi, pepani, zasinthana. Yanu ilipo, ili bwinobwino, ili pa ukwati wina."

"Keke yanga yapita ku ukwati wa eni ake."

"Eya mayi."

"Yaitanidwa ndi ndani?"

Funso limenelo ndilibe yankho lake mpaka lero. Ndinawalonjeza kuti ndiwabwezera ndalama zawo, ndiponso kuti pasanathe ola ndikhala nditabwera nayo chokoleti yawo. Ndinasiya mlongo wanga akudula nsanjika ziwiri zapamwamba zija, tizidutswa topyapyala moti ukatiyang'anitsa padzuwa umaona munthu wa kuseri. Nsanjika yapansi ndi imene imadyetsa anthu ambiri, ndiye holo yonse inkayenera kugawana zotsalazo. Pamene ndinkatuluka anandinong'oneza, nkhope itagwa, "Ndiye kuti achemwali, majimu aja..." Ndinamuuza kuti adule keke.

M'galimoto ndinaimbira aliyense wa ku ukwati winawo. Mkwatibwi sangayankhe foni pa tsiku lake, zimenezo n'zomveka. Wa holo foni yake inkangoitana. Ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe chovuta, ndinawauza ndekha kuti asadule, ndiye keke ili bwino, ikundidikira, yathunthu, mwinanso yotetezeka kuposa keke ina iliyonse padziko. Ndinayendetsa mosemphana ndi malamulo onse amene ndinapatsa mlongo wanga m'mawa.

Ndinapeza mwambo utatha, alendo akutuluka, mipando akuisanjikiza. Thebulo la keke linali lopanda kanthu. Ndinagwira mkono wa mkulu wa holo uja.

"Bambo, zabodza zija zili kuti?"

"Musade nkhawa mayi, palibe wadula. Yaikuluyo ili apo. Inayo anyamata angoibwereka pang'ono, makwerero athu ndi aafupi."

Ndinatembenuka. Pakona, pansi pa nsalu zokongoletsera zimene zinali zisanamasulidwe, mnyamata wina wamtali anali ataika nsanjika ya mainchesi 12 pa simenti. Anaiyang'ana, anayang'ana mfundo ya nsalu m'mwamba, n'kukweza mwendo. Ndinakuwa. Mawu anga ndi phazi lake zinafika nthawi imodzi.

Timitengo tija tinayesetsa, koma tinapangidwira keke ya mainchesi 10, osati munthu. Phazi linalowa mpaka m'kakolo, kirimu n'kutulukira m'mbali. Holo inakhala chete. Mnyamatayo anazula mwendo, nsapato n'kutsalira mkati. Anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, anapisa chala m'dzenjemo, n'kulawa. Foni yanga inali ikulira m'chikwama, ndipo ndinkadziwa kuti ndi azakhali.

"Mayi," anatero mnyamatayo akunyambita chala, "koma zabodza zanuzi mumazipanga bwino. Ndiitenge nsapatoyo, kapena mukaibweza nayo limodzi?"