Andipukutira puleti osawatuma

Mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Achikulire amene amayang'anira presi, makina odindira zithunzi papepala, ku situdiyo kwathu andilanda puleti m'manja n'kuyamba kuipukuta okha.

Puletiyo ndi ya collagraph, njira yodinda chithunzi papepala kuchokera pa zinthu zomata. Ndi katoni yolimba imene ndinamatapo chidutswa cha chiguduli, mchenga wosefa ndi tsamba louma la mango, kenako n'kupaka vanishi kuti inki isalowerere. Inki ndinachita kuikankhira m'timabowo ta chiguduli ndi mswachi wakale, poti rola imangodutsa pamwamba. Popukuta ndi tarlatan, kansalu kolimba ka maukonde kaja, ndinasiya dala kautsi ka inki m'malo osalala.

"Mwanawe, izi zituluka zakuda bii."

"Ndikufuna zitero, bambo."

"Pepala limeneli ukudziwa mtengo wake?"

Ndisanayankhe anali atang'amba kale nyuzipepala, akupukuta ndi chikhatho mozungulira mpaka vanishi kuwala. Munthu wa msinkhu wa bambo ako sungamugwire dzanja. Ndinangotenga pepala lonyowa lija, kuliumitsa pang'ono pakati pa mathaulo, kuliyala pa puleti, kufunditsa mabulangete n'kupukusa chiwilo.

Chondiwawa n'chakuti chatuluka bwino. Ulusi uliwonse wa chiguduli ukuoneka, mitsempha ya tsamba yadinda pepala moti chala chikuimva, pa mchenga pada kwambiri chifukwa mpamene inki imakakamira. Anzanga kuyamikira, achikulire kumwetulira. Koma kumbuyo kwa tsambalo kwayera mbee, mdima wanga wonse wapita ndi nyuzipepala.

Mu minibasi ndimangoganiza za Belkis Ayón, katswiri wodinda zithunzi wa ku Cuba, amene anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 32. Ntchito zake zotchuka ndi za collagraph, zambiri zakuda, zotuwa ndi zoyera basi, ndipo mphamvu yake yagona pa kuda komweko. Kaya achikulirewa akanamuuzanso iyeyo za mtengo wa pepala? Mwinanso ndi njala chabe imene imandikwiyitsa, sindinadye masana, manja anali inki yokhayokha.

Katoni si mkuwa. Ikadutsa mu presi, chiguduli chimaphwatalala pang'ono, ndiye sindingamangoyesa mwachisawawa. Ndikufuna ndikadinde china ndili ndekha m'mamawa, achikulirewo asanafike. Koma makiyi amasunga ndi iwo omwewo.